Telala wa ku Dikirani Akanidwa Katatu

Telala wa pakona anali ndi mayina atatu, koma panalibe ngakhale limodzi limene anamupatsa makolo ake. Onse atatu anali mayina a chilumba chimene anabadwirako. M'tauni ya padoko imene ankakhala munali zilankhulo zitatu, ndipo anthu a chilankhulo chilichonse anali ndi dzina lawolawo la chilumbacho. A chilankhulo chake ankati Dikirani. Anthu a kumapiri, amene anadzaza mumsika ndi kabichi ndi anyezi wawo, ankati Oleme. Zidzukulu za amalinyero akale, eni masitolo a m'mphepete mwa doko, zinkati Tikila. Pamene ankafika m'tauniyo ali mtsikana, makina ake osokera atawakulunga m'bulangete, anthu ankayamba kumufunsa kwawo asanamufunse dzina, ndipo akangoyankha nkhani inkathera pomwepo. Chilumbacho chinamumatirira ngati ulusi woyera pa siketi yakuda. Tsopano imvi zitayamba kutuluka m'mbali mwa makutu, ankacheuka munthu akamuitana lililonse mwa atatuwo, ndipo dzina lake lenileni ankalimva pokhapokha akapita kuchipatala.

Shopu yake inali kachipinda kakatali koma kopapatiza, pakati pa wodula makiyi ndi wokonza mafoni. Pafupi ndi khomo panali makina opalasa ndi mapazi, amene sankafuna kuwasiya ngakhale kuti mwana wake anamugulira amagetsi. Mkati munali benchi la makasitomala, galasi lalitali long'aluka pangodya, ndi katani yamaluwa imene anthu ankabisalako poyesa zovala. Mwamuna wake anamwalira mwana akadali ku pulayimale. Mwanayo tsopano anali mtsikana wamkulu wogwira ntchito pamalo ogulitsira mankhwala, ndipo masana alionse ankabwera kudzamwera tiyi patebulo lodulira nsalu, uku akuuza mayi ake zoyenera kuchita ndi moyo wawo.

Mwa makasitomala ake munali bambo wina wamtali, woonda, amene tauni yonse inkawatchula kuti Aphunzitsi. Sankaphunzitsa ana ayi. Ankaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, m'kagalimoto koyera kokhala ndi chikwangwani padenga. Anali mlendo m'tauniyo. Anachokera kutali kumtunda, kumene madzi ambiri amene anawaonapo anali a m'thanki, ndipo za zilumba sankadziwa kanthu. Mkazi wawo anamwalira kalekale. Ntchito inawasiyira chizolowezi chimodzi: akakhala pabenchi, phazi lawo linkangoponda pansi lokha, ngati pali buleki, mwana akathamangira mumsewu kapena njinga ikadutsa mwaliwiro.

Aphunzitsi ankabwera kawirikawiri m'mawa, atanyamula shati yothothoka batani. Telala anasoka mabatani moyo wake wonse, ndipo ankadziwa ulusi wotha ndi ulusi wodulidwa ndi lezala. Ankalandira shatiyo, kusankha batani m'chitini, n'kusoka pang'onopang'ono kuposa mmene ankachitira ndi za ena. Iwo ankakhala pabenchi n'kumakamba za mvula, za maenje a mumsewu, ndi za wophunzira wina amene sankasiyanitsa kumanja ndi kumanzere. Telalayo ankamutchula kuti amayi. Dzina sanamufunsepo, ndipo iye sanaone chifukwa choti alipereke lisanapemphedwe.

Nkhani inayamba ndi mlongo wawo wa Aphunzitsi, mayi wolankhula mofulumira amene ankagwira ntchito ku positi ofesi. Mayiyu anali kasitomala wa madzulo, choncho sankadziwa kuti benchi lomwelo m'mawa pankakhala mchimwene wake. Tsiku lina anabwera ndi diresi loti alikulitse m'chiuno. Ataimirira pagalasi manja ali m'mwamba, anayamba kufotokoza kuti ali ndi mchimwene wake wamasiye, wosamwa mowa, wodziwa kusita yekha, mano onse alimo. Anati bamboyo akungouma ndi kusungulumwa, ndipo iye waganizaganiza n'kuona kuti m'tauni yonse mulibe wina womuyenera koposa a Dikirani. Telala anali ndi mapini kukamwa, choncho ankangoyankha ndi mphuno. Koma atamva zoti mchimweneyo amaphunzitsa galimoto, dzanja linaterereka, ndipo mayi wa ku positi anadumpha atabayidwa m'nthiti. Telala anapepesa, analavulira mapini m'dzanja, n'kunena moyang'ana kumbali kuti kufunsa kokha si mlandu.

Yankho linabwera pamene mayiyo ankadzatenga diresi. Analowa nkhope ili gwa, n'kukhala pabenchi asanauzidwe. Anati mchimwene wake sanamulole n'komwe kumaliza. Atangomva dzina, anakweza dzanja ngati wapolisi wa pamsewu, n'kunena kuti tsiku lonse amakhalira kudikira ophunzira kuti apeze giya, ndiye sangakadikirenso kunyumba. Mayiyo anapepesa kwambiri, n'kuonjeza kuti mchimwene wakeyo anagwapo mumtengo ali mwana, mwina n'chifukwa chake.

Telala anaseka pamaso pa kasitomala, koma mkati munamupweteka kuposa mmene ankayembekezera. M'mawa mwake Aphunzitsi anatulukira ndi shati yabuluu, akumwetulira ngati sipanachitike kanthu. Iye anailandira osayankha moni bwinobwino. Anatenga ulusi wosokera matumba a sukulu, n'kulisoka batanilo molimba moti shatiyo inachita tsinya pachifuwa. Aphunzitsi anayesa kuyambitsa nkhani ya maenje, koma makina anayamba kulira mwamphamvu ngakhale pansi pa singano panalibe nsalu. Anatuluka akucheukacheuka.

Masana mwana wake anaona kuti tiyi wa mayi ake wazizira asanamukhudze, ndipo sanawasiye mpaka anaulula. Mtsikanayo anamvetsera akutafuna buledi, kenako anafunsa funso limodzi.

“Kodi amayi, bambo amenewo amadziwa kuti a Dikirani ndinu?”

Telala anayamba kukumbukira m'mawa uliwonse umene bamboyo anakhala pabenchi. Nthawi imeneyo m'shopu simunkakhala anthu, ndipo wodula makiyi ankangomuitana kuti aneba. Panalibe tsiku limene munthu anamuitana ndi dzina la chilumba Aphunzitsi akumva. Anaseka mpaka anagwira m'mphepete mwa tebulo, mwana wake akumumenya pamsana.

Nkhaniyi ikanathera pomwepo, chifukwa mawu awiri okha akanaikonza. Koma mtsikana uja anali ndi mtima wa chibwana ngakhale ankavala gauni yoyera kuntchito. Anati popeza mayi ake ali ndi mayina ena awiri osagwira ntchito, si bwino kuwasunga m'kabati. Telala anamukalipira kuti asiye zamasewera, koma anamukalipira akusekerera, ndipo mwanayo ankadziwa bwino kukalipa kwa mayi ake kumene kunali kwenikweni.

Anayamba ndi makaniko amene ankakonza kagalimoto koyera kaja. Anali munthu wa kumapiri, wamfupi, wamimba, amene maovolosi ake anali ndi zigamba za telala yemweyo pamaondo onse. Mtsikanayo anangomuponyera mawu pomugulitsa mankhwala a msana, ndipo makaniko anawanyamula ngati akeake. Patapita masiku anafika pashopu akupukuta manja ndi kansanza, n'kuima pakhomo kuti asadetse nsalu. Anafotokoza kuti anawapeza Aphunzitsi ali m'galaja, galimoto ili pajeki moti sakanathawa, n'kuwauza kuti pali mayi wina wabwino dzina lake Oleme. Iwo anafunsa tanthauzo la dzinalo. Makaniko, pokhala munthu wosanama, anawauza kuti m'chilankhulo chawo ndiye kuti wochedwa. Aphunzitsi anayankha kuti malole onse a m'tauni amawaimbira kale hutala chifukwa cha ochedwa amene amawanyamula, ndipo makutu awo akufuna kupuma. Atatero anafunsa za mafuta a buleki, nkhani n'kufera pomwepo.

Wachitatu anali mwini nyumba imene Aphunzitsi ankachita lendi, mayi wachikulire wa mtundu wa amalinyero, wa mphete m'zala zonse ndi mawu okhuthala ngati a mwamuna. Ameneyu sankazolowera kukanidwa. Anabwera ndi makatani oti awapinde m'munsi, n'kudzaza benchi lonse ndi thupi lake ndi nkhani yake. Anati atatchula dzina loti Tikila, limene kwa iwo ndi kasupuni ka tiyi, mlendi wakeyo anayankha mwaulemu kuti masupuni ali nawo okwanira m'dirowa. Koma iye sanachoke pakhomo. Anaima pomwepo mpaka bamboyo anavomera, maso ali pansi, kuti mtima wake unagwidwa kale kwina, ndipo sangauchotseko ngakhale atamubweretsera akazi a m'tauni yonse. Kumene unagwidwako anakana kunena.

Mayi wa mpheteyo anatsitsa mawu n'kuonjeza kuti mwina telala wapulumuka, chifukwa bamboyo mutu wake suoneka bwino. Iye anamuona ndi maso ake pawindo, atakhala patebulo, atavala magalasi, akudula batani pashati yabwinobwino ndi lezala.

Telala anawerama n'kuyamba kufunafuna sizasi imene inali m'manja mwake. Anayeza makataniwo kawiri, ndipo kawiri konseko anaiwala nambala.

Madzulo a tsiku limenelo akutseka shopu anauza mwana wake kuti masewera akwana. Bambo uja wakana akazi atatu chifukwa cha mmodzi, ndipo akamusiya choncho adzafika pomaliza mabatani a m'dziko lonse asanatsegule pakamwa. Mtsikanayo anati ndiye angomuuza. Telala anapukusa mutu. Pabenchi paja bamboyo ankakhala ngati mlendo, chipewa pabondo, wokonzeka kuthawa. Ankafuna kukamupeza pamalo pamene iye ndiye mwini.

Choncho Aphunzitsi atabweranso, atazengereza pakhomo chifukwa cha batani la tsinya lija, telala anawalandira bwino n'kuwauza kuti akufuna kuphunzira galimoto. Iwo anafunsa ngati ali nayo galimoto. Iye anati alibe, komanso pamene ankaphunzira kusoka analibe makina. Aphunzitsi anavomereza kuti imeneyo ndi mfundo, ndipo pokhala pansi anangotsala pang'ono kukhalira kapilo kobayapo mapini.

Anayambira pabwalo lafumbi kuseri kwa sitediyamu. Kumeneko telala anaona munthu wina. M'galimoto mwawo Aphunzitsi sankachita chibwibwi. Ankalankhula modekha, momveka, osakalipa ngakhale injini izime kakhumi. Vuto linali mapazi a wophunzira. Mapazi amene apalasa makina zaka zonsezo sadziwa kuponda n'kukhazikika. Akangokhudza chopondera moto ankayamba kupalasa, chala, chidendene, chala, chidendene, ndipo kagalimoto kankadumpha ngati chule, chikwangwani chikugwedera padenga. Aphunzitsi ankagwira chipewa ndi dzanja limodzi n'kumukumbutsa kuti galimoto sisokedwa. Koma chiongolero anachigwira msanga, popeza munthu wodziwa kutsata mzere wa choko pansalu savutika kutsata msewu. Pobwerera m'mbuyo ankaimika galimoto pakati penipeni pa zitini ziwiri, mpata wofanana uku ndi uku, mpaka Aphunzitsi anatsika kukaona ndi maso.

Tsiku lolowa m'tauni linali Loweruka m'mawa, msewu uli wodzaza. Aphunzitsi ndiwo anasankha njira: kudutsa kumsika, kukhotera ku positi ofesi, kenako kutsikira kudoko kumene msewu ndi wotakasuka. Telala atamva njirayo anangoyang'ana kutsogolo n'kuluma mlomo. Anatsitsa galasi la kumbali kwake, n'kunena kuti kukutentha.

Pamsika galimoto zinkayenda ngati zikuperekeza wodwala. Amayi a kumapiri anali atayala kabichi mpaka m'mphepete mwa phula, ndipo mmodzi wa iwo atadzutsa mutu anaona nkhope yodziwika kuseri kwa chiongolero. Anakuwa m'chilankhulo chawo, anzake n'kutembenuka, ndipo mzere wonse unayamba kuomba m'manja ukuitana Oleme, Oleme. Telala anatulutsa dzanja kuwabayibitsa. Aphunzitsi anamukumbutsa kuti manja onse awiri akhale pachiongolero. Kenako atadutsa ogulitsa nsapato anafunsa kuti amayi aja amaitana ndani.

“Ine,” anatero telala, akuyatsa indiketa.

Iwo anachotsa magalasi, kuwapukuta, n'kuwavalanso. Phazi lawo linayamba kufunafuna pansi. Asanapeze chonena, galimoto inali itakhota, ndipo pamasitepe a positi ofesi panaima mlongo wawo ndi mulu wa maphukusi m'manja. Mayiyo anaona kagalimoto ka mchimwene wake, anaona amene akuyendetsa, maphukusi awiri n'kugwa.

“A Dikirani! Achimwene, si ndinu munakana inu?”

Ulendo uno phazi linapeza buleki yeniyeni, ya kumbali ya mphunzitsi. Galimoto inaima nji pakati pa msewu, injini n'kuzima. Lole ya simenti imene inali kumbuyo inayamba kuimba hutala, ena n'kulandira nyimboyo mpaka kumsika. Aphunzitsi, amene pa ntchito yawo yonse sanaimitsepo galimoto pakati pa msewu popanda chifukwa, anangokhala maso ali tong'o. Telala ndiye anachotsa giya, kuliza injini, n'kunyamuka bwinobwino osadumpha ngakhale kamodzi.

Kudoko anaimika pansi pa mtengo, moyang'ana nyanja. Patsogolo pawo panali kaofesi kogulitsira matikiti a boti, ndipo pamwamba pa zenera lake panali chikwangwani cha zilembo zazikulu zofiira zoti Tikila. Aphunzitsi anachiwerenga milomo ikugwedera. Wogulitsa matikiti, mkulu wa ndevu zoyera, anasuzumira n'kufunsa m'chilankhulo cha amalinyero ngati Tikila akupita kwawo lero. Telala anamuyankha m'chilankhulo chomwecho kuti lero ayi.

“Ndiye kuti onse atatu aja…” anatero Aphunzitsi, osamaliza.

“Onse atatu akhala pampando umodzi uno,” anayankha telala. “Mwandikana katatu, Aphunzitsi. Koyamba ndinatsala pang'ono kukusokerani shati kukhosi.”

Manyazi anawagwira mpaka m'makutu. Anayamba kufotokoza za dzanja limene anakweza, za jeki, za masupuni, koma chiganizo chilichonse chinkazima panjira ngati injini ya wophunzira watsopano. Pofuna kuwapumitsa, telala analoza kutali kumene kunkaoneka kanthu kakuda pamwamba pa madzi, n'kunena kuti mwini mayina ndi uyo, iye amangomunyamulira.

Anawafotokozera mmene zinayambira. Chilumbacho chinazunguliridwa ndi miyala yobisala m'madzi, ndipo kale polowera panali pamodzi pokha, kampata kamene bwato linkadutsa madzi akakwera basi. Alendo osadziwa ankabwera molunjika n'kuswa mabwato awo. Choncho anthu a pachilumba akaona bwato lachilendo ankathamangira pamwala waukulu n'kumakuwa kuti dikirani, dikirani. Asodzi a kumtunda anayamba kuuzana kuti akupita kwa a dikirani aja, mpaka mawuwo anasanduka dzina. Tsopano kuli doko la simenti ndipo palibe amakuwanso, koma dzina silinachoke.

Anthu a kumapiri, iye anapitiriza, sanafikeko n'komwe kuchilumbako. Iwo ankangoona anthu ake pamsika. Popeza potuluka napo ankayenera kudikira madzi, a pachilumba ankafika dzuwa lili pamutu, anzawo akulongedza. Ndiye a kumapiri ankati abwera ochedwa aja, oleme, ndipo dzinalo linachoka pa anthu n'kukakhala pa malo. Mpaka lero mwana wa kumapiri akamachedwa kudzuka amamufunsa ngati anagona ku Oleme.

Aphunzitsi anali atayamba kupuma bwino. Anafunsa za kasupuni. Telala anaseka n'kunena kuti amenewo ndiwo anasokoneza zinthu koposa. Amalinyero atafika ndi zombo zawo anamva anthu akukuwa pamwala paja, koma makutu awo sanagwire mawuwo bwino. Dikirani anamumva ngati tikila, mawu awoawo, n'kulemba choncho pamapu. Popeza iwo ndiwo anali ndi mapu, dzina lawolo ndilo linapita pa matikiti ndi pa zikwangwani. Zidzukulu zawo tsopano zimalumbira kuti makolo awo anatero chifukwa chilumbacho chimaoneka ngati supuni, ndipo mayi wa mphete uja akhoza kukutulutsa m'nyumba ukatsutsa. Aphunzitsi anayang'anitsitsa kanthu kakuda kaja, anapendeketsa mutu uku ndi uku, n'kunena moona mtima kuti kwa iwo kakuoneka ngati thumba la mbatata logwa pa lole. Telala anati ngakhale eni ake amaona choncho.

Anaonerera anthu akukweza mabokosi m'boti. Kenako Aphunzitsi anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

“Amayi, ine ndine munthu wochedwa kulankhula. Akazi atatu aja ndinawakana chifukwa cha telala wa pakona. Ngati telalayo sanatope nane, ndikupempha andiuze dzina limene anamupatsa mayi ake, kuti ndisadzamukanenso mwangozi.”

Telala anawauza, motsitsa mawu. Iwo analibwereza kawiri mosamala, ngati akuyesa giya ya galimoto yatsopano. Linamveka lachilendo m'makutu mwa mwini wake, koma silinamveke moipa. Pobwerera anayendetsa Aphunzitsi, chifukwa mapazi a wophunzira anali atayambanso kupalasa.

Nkhani inafika pashopu iwo asanafike. Sabata yotsatira mayi wa ku positi, makaniko ndi mayi wa mphete anakumana pabenchi lija, aliyense atabwera kudzalandira kuthokozedwa. Wa ku positi ankati iye ndiye anayamba, ndipo ndi magazi amodzi ndi mkwati. Makaniko ankati iye anawagwira bamboyo pamalo osathawika. Mayi wa mphete ankati enawo anangobwera ndi manja opanda kanthu, iye yekha ndiye anatulutsa mawu a mtima. Mkanganowo unayamba m'chilankhulo chimodzi n'kuthera m'zitatu, aliyense akutchula telala ndi dzina la kwawo, mpaka wodula makiyi anazimitsa makina ake kuti amve bwino. Mtsikana wa gauni yoyera anakhala patebulo lodulira nsalu akumwa tiyi, nkhope yake yosalakwa ngati ya mwana wakhanda.

Panatsala mayi ake a telala, amene anali moyo pachilumba ndipo sankakwera boti. Anapitako atatu, mwana atanyamula mapiritsi a chizungulire amene Aphunzitsi anawakana molimba mtima padoko n'kuwapempha boti lisanapite patali. Ulendo wonse anaugwira mpando ndi manja awiri, nkhope itatuwa, akuyang'ana woyendetsa boti ngati akufuna kumulanda chiongolero. Atatsika anaima kaye pasimenti miyendo ili tang'a, kudikira kuti chilumba chileke kugwedera.

Mayiwo anali aafupi, ouma, a maso akuthwa. Anawapeza kuseri kwa nyumba akukangana ndi nkhuku. Analandira mlendo mwaulemu, kumupatsa mpando wabwino, n'kumuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa. Kenako anafunsa mwana wawo kuti bamboyu amagwira ntchito yanji. Atamva kuti amaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, anadabwa. Pachilumba ponse panalibe msewu, panalibe galimoto, ndipo chinthu cha matayala chimene iwo ankachidziwa bwino chinali wilibala. Anafunsa ngati anthu a kumtunda amafunadi munthu woti azikhala pambali pawo n'kumawauza kumene akupita. Aphunzitsi anayankha kuti ambiri amafuna. Mayiwo anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva zachisoni za dziko lakutali.

Kenako anafunsa ngati munthu wodziwa galimoto amadziwanso injini. Anati pampu yokokera madzi pachitsime inafa mvula isanayambe, ndipo amene amati amadziwa anangoimasula n'kusiya zitsulo m'beseni. Aphunzitsi anaimirira, anavula jekete, n'kupinda manja a shati.

Anakhala pachitsimepo mpaka dzuwa linapendeka. Anayala zitsulo pathumba mwadongosolo, kuzitsuka ndi palafini, akulankhula nazo modekha monga ankachitira ndi ophunzira. Anthu a nyumba zoyandikana anabwera ndi mipando yawo kudzaonerera, aliyense ndi malangizo ake. Telala anakhala pamwala chapafupi akuwapatsira sipanala, ndipo mayi ake ankabwera nthawi ndi nthawi, kuyang'ana m'beseni, n'kubwerera. Atakoka chingwe koyamba injini inangotsokomola. Atakokanso inalira, inanjenjemera, ndipo paipi inalavula dzimbiri, kenako madzi oyera, amene anawathira Aphunzitsi kuyambira pachifuwa mpaka m'nsapato.

Mayi aja anatunga m'kapu, analawa, n'kutembenukira kwa mwana wawo.

“Boti la madzulo lisiyeni lipite,” anatero. “Kwa azakhali ako kuli pampu ina yakufa. Ndipo umupezere munthuyu malaya ouma, asatidwalire.”